Kodi ma weight a kafukufuku alowe poyesa kulakwika kwa muyeso wa minda?

Funso: Ndikulemba kafukufuku wa digiri yachiwiri kuno ku Blantyre. Tinayendera mabanja 400 m'madera 20 a kalembera, theka m'mphepete mwa mzinda cha ku Bangwe ndi Chilomoni, theka kumidzi ya cha ku Lunzu ndi Lirangwe. Mlimi aliyense anatiuza kukula kwa munda wake wa chimanga, ndipo minda ina tinaiyezanso ndi GPS. Ndikufuna kuona ngati zonena za alimi zikulakwika, koma ndikaika weight pa ttest (mayeso a ma avereji) mu pulogalamu ya pa kompyuta ya Stata ikukana, hausman (mayeso ofananitsa njira ziwiri zowerengera) nayonso ikukana. Mnzanga akuti ndingosiya ma weight chifukwa kulakwika kwa muyeso sikukhudzana ndi kasankhidwe ka mabanja. Kodi akunena zoona? (Mayi wa ku Zingwangwa)

Yankho: Achemwali, mnzanuyo wagwira mbali imodzi ya nkhaniyi, ndipo mbali imeneyo ndi yoona: weight sikonza muyeso wolakwika. Koma akamati muisiye, wadumpha funso lalikulu, loti pamapeto pake mukufuna kunena za ndani. Za alimi 400 amene munacheza nawo, kapena za alimi onse a m'dera limene kafukufuku wanu akuimira? Funso limeneli ndi limene likuuzeni ngati weight ilowe. Kukana kwa Stata ndi nkhani yaing'ono, njira yake ilipo.

Weight ndi nambala yonena kuti banja limene munalifunsa likuimira mabanja angati amene simunawafikire. Zili ngati nthumwi zopita ku msonkhano kwa mfumu yaikulu: ina yatumidwa ndi mudzi wa nyumba 50, ina ndi mudzi wa nyumba 200, ndiye mawu a yachiwiriyi ayenera kuwerengedwa kanayi. Koma nthumwiyo ikaiwala zimene anaituma n'kunena zina, kuchuluka kwa anthu amene ikuwaimira sikusandutsa zonenazo kukhala zoona. Cholakwacho chimangolowa m'kaundula kanayi. Mlimi amene wanena kuti munda wake ndi ekala imodzi pomwe GPS ikupeza theka la ekala, ndipo weight yake ndi 200, wawonjezera maekala 100 pa chiwerengero cha dera lonse, maekala amene kulibe.

Poyesa kulakwika kwa muyeso anthu amasakaniza mafunso awiri. Loyamba ndi la chida kapena njira yoyezera: kodi GPS yomweyo, munthu akazungulira nayo munda womwewo kawiri, ikupereka nambala imodzi? Kodi ofunsa mafunso awiri akutuluka ndi zofanana? Apa munda uliwonse ndi umboni wolingana ndi unzake, ndipo GPS sidziwa kuti mwini munda akuimira mabanja angati. Weight ilibe ntchito pamenepa, mwinanso ingangokuchepetserani mphamvu ya umboni. Lachiwiri ndi la dera lonse: kodi tikadalira zonena za alimi, chiwerengero cha malo olimidwa chimanga, kapena zokolola pa hekitala, chikhala chopotoka motani? Funso lanu, momwe mwalifotokozera, ndi lachiwirili, ndipo silingayankhidwe popanda weight.

Tiike manambala ongoyerekeza kuti muone chifukwa chake. Tinene kuti m'mphepete mwa mzinda muli mabanja olima 10,000 ndipo munasankhamo 200, ndiye weight ndi 50. Kumidzi kuli mabanja 40,000, munasankhamonso 200, weight ndi 200. Tinenenso kuti a m'mphepete mwa mzinda, amene timinda tawo ndi tating'ono, akuwonjezera ekala 0.30 pa avereji, pomwe a kumidzi akuwonjezera 0.05. Mukangophatikiza onse 400 popanda weight mupeza 0.175. Mukaika weight mupeza 0.10. Manambala onse awiriwa palibe labodza, koma loyambalo likunena za chisakanizo chimene munachipanga nokha posankha theka uku theka uko, chisakanizo chimene m'boma la Blantyre mulibe. Mnzanu akanakhala wolondola kotheratu kulakwitsa kukanakhala kofanana kulikonse. Weight imayamba kusintha yankho nthawi iliyonse imene kukula kwa cholakwika kukuyendera limodzi ndi chinthu chimene chinasintha mwayi wa banja kusankhidwa, ndipo pa nkhani ya minda zimenezi zimachitika pafupipafupi.

Tsono pali chinthu chimene simungachisiye ngakhale mutasankha kusiya weight, ndipo ndi chimene ndikufuna muchigwiritsitse: mabanja anu sanasankhidwe limodzilimodzi paliponse, anasankhidwa m'magulu, 20 pa dera lililonse la kalembera. Anthu a dera limodzi amalakwitsa mofanana. Amayerekeza ekala m'njira imodzi, ena potengera matumba a feteleza amene amathira, ena potengera ganyu amene amalipira pogalawuza. Anafunsidwa ndi munthu mmodzi, amene ali ndi kafunsidwe kake. Ndipo mphekesera ikangodutsa m'mudzi yoti obwerawa akulemba maina a feteleza wotsika mtengo, minda ya mudzi wonsewo imakula tsiku lomwelo. Chiyambireni pulogalamu ya makuponi mu 2005, aliyense wofunsa za minda kumudzi amayenera kuiganizira mphekesera imeneyi. Choncho mayankho 20 a dera limodzi si maumboni 20 oima paokha.

Katswiri wa kafukufuku Leslie Kish anatipatsa njira yachidule yoyerekezera kuwonongeka kumeneku: tengani chiwerengero cha mabanja pa cluster (dera limodzi la kalembera), chotsani 1, chulukitsani ndi kufanana kwa mayankho mkati mwa cluster, kenako wonjezerani 1. Kufananako kukakhala 0.1 chabe, yankho lake, lotchedwa design effect, ndi 2.9. Mabanja anu 400 akufanana ndi mabanja pafupifupi 138 osankhidwa paokhapaokha, ndipo standard error (muyeso wa kukayikitsa kwa zotsatira) yeniyeni ndi yaikulu ka 1.7 kuposa imene ttest wamba ingakupatseni. Kusiyana kwa ma weight nakonso kuli ndi mtengo wake: ndi 50 ndi 200 amene tayerekeza aja, 400 amatsika kufika pafupifupi 294 ngakhale nkhani ya cluster tisanaiyambe. Ichi n'chifukwa chake p-value (nambala imene ikachepa imasonyeza kuti umboni ndi wamphamvu) imene inali 0.01 imatha kukwera kupitirira 0.05 mukauza pulogalamu zoona za kasankhidwe kanu. Zikatero musakhumudwe. Umboni wanu ndi womwewo, mwangouona kukula kwake kwenikweni.

Tibwere ku kompyuta. Lamulo la ttest mu Stata sililandira weight ya mtundu uliwonse, ndipo pamenepa ndi pamene ambiri amasochera, chifukwa amayamba kufuna lamulo lililonse limene lingavomere. Wina amaika fweight atachotsa madesimo a weight. Stata imamva kuti mzere uliwonse wabwerezedwa ka 50 kapena ka 200, n'kuganiza kuti munayendera mabanja 50,000, ndipo chilichonse chimatuluka ndi p ya 0.000. Mu pulogalamu ya SPSS, Weight Cases imachita zomwezo. M'menemo yoyenera kafukufuku wa mtundu wanu ndi gawo la Complex Samples. Wina amaika aweight. Avereji imatuluka yolondola, n'chifukwa chake msampha uwu suoneka, koma standard error ndi yolakwika, poti aweight inapangidwira data imene mzere uliwonse ndi avereji ya anthu angapo. Yanu ndi pweight, ndipo malo ake ndi mu lamulo la svyset, pamodzi ndi cluster ndi strata (magawo awiri aja, la m'mphepete mwa mzinda ndi la kumidzi):

svyset dera [pweight=wt], strata(gawo)

Kenako pangani variable ya kusiyana, zonena za mlimi kuchotsapo za GPS, zonse zili mu muyeso umodzi. Onetsetsani pamenepa, chifukwa GPS yambiri imatulutsa ma sikweya mita kapena mahekitala pomwe mlimi amalankhula maekala. Ekala imodzi ndi ma sikweya mita pafupifupi 4,047, kapena hekitala 0.405. Mayeso amene mumawafuna ku ttest muwapeza pa regression (njira yoona mmene nambala imodzi ikuyendera ndi zina) yopanda variable ina iliyonse:

svy, subpop(if gps==1): regress kusiyana

Nambala ya _cons ndiyo avereji ya kulakwitsa m'dera lonse, ndipo t yake ikuyesa ngati avereji imeneyo ndi ziro. Onani kuti minda yopanda GPS sindinaichotse ndi if wamba kapena drop. Subpop imasiya pulogalamu ikuona ma cluster onse, ndipo kawerengedwe ka standard error kamadalira zimenezo. Muonanso kuti degrees of freedom (kuchuluka kwa maumboni oima paokha amene mayeso akudalira) zatsika kufika 18, ma cluster 20 kuchotsa ma strata 2. Sizinawonongeke, ndi mmene ziyenera kukhalira. Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya R, phukusi la survey limene analemba Thomas Lumley limachita zomwezi: svydesign pofotokoza kasankhidwe, svyttest kapena svyglm poyesa, ndi subset pa design yomweyo m'malo modula data.

Koma avereji ya kusiyana isakhale pothera panu, chifukwa ikhoza kukunamizani. Kafukufuku wa m'maiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo uja wa mabanja amene National Statistical Office ya ku Zomba imachita mothandizana ndi World Bank, wakhala akupeza chinthu chimodzi: eni timinda tating'ono amakuza minda yawo, eni minda yaikulu amaichepetsa. Chifukwa chimodzi n'chodziwika kwa aliyense amene anagwirapo pepala la mafunso. Mlimi sanena kuti ekala 0.37, amati theka la ekala. Jambulani histogram ya zonena za alimi anu, muona milu itaima pa 0.5, pa 1, pa 1.5 ndi pa 2, pakati pali mbee, pomwe ya GPS ndi yosalala. Okuza ndi ochepetsa akalingana, avereji imayandikira ziro, inu n'kulemba kuti palibe vuto, chonsecho pafupifupi munda uliwonse ndi wolakwika. Ndiye bwerezani regression ija mutaikamo kukula kwa GPS:

svy, subpop(if gps==1): regress kusiyana ekala_gps

Coefficient ya ekala_gps, nambala yoonetsa mmene kusiyana kukusinthira munda ukamakula, ikatuluka yotsika pansi pa ziro, mwapeza kuti cholakwikacho chikuyenda ndi kukula kwenikweni kwa munda. Kwa ine chimenechi ndi chopeza chamtengo kuposa avereji, chifukwa ndi chimene chimapotoza zokolola pa hekitala: kamunda kakang'ono kakakuzidwa, zokolola zake pa hekitala zimaoneka zochepa kuposa mmene zilili. Gawaninso minda m'magulu anayi kapena asanu potengera GPS ndipo muonetse avereji ya kusiyana m'gulu lililonse, chifukwa mzere wowongoka sufotokoza bwino zimene zimachitika ku timinda tating'onoting'ono. Kumeneko GPS ya m'manja nayonso imaterereka, makamaka pansi pa mitengo kapena pa malo otsetsereka ngati m'mbali mwa phiri la Ndirande kapena la Michiru, ndiye musailembe ngati choonadi chosatsutsika. Ndi muyeso wabwino kuposa wa pakamwa, basi.

Mwanena kuti minda ina ndi imene munaiyeza ndi GPS. Mawu oti "ina" amenewa abisa nkhani yaikulu kuposa zonse zimene mwafunsa. Minda imeneyo inasankhidwa bwanji? Ngati munachita maere, tinene banja limodzi pa atatu alionse, weight ya banja iyenera kuchulukitsidwa katatu pa minda yoyezedwayo. Ngati banja lili ndi minda itatu inu n'kuyeza umodzi mwa maere, muchulukitsenso katatu, apo ayi mabanja a munda umodzi amveka mopitirira muyeso. Izi n'zosavuta, ndipo mu R muli twophase yopangidwira kasankhidwe ka magawo awiri kotere. Chovuta ndi pamene kunalibe maere, koma ofunsa mafunso anayeza minda imene anatha kuifika. Kuno ku Blantyre mukudziwa mmene zilili: banja la ku Bangwe lili ndi kamunda kuseri kwa nyumba, koma munda wake weniweni uli kumudzi ku Chiradzulu kapena ku Thyolo. Wofunsa mafunso woyenda pansi, dzuwa likupendeka, ayeza ka kuseri kwa nyumbako. Minda yotsala ndi yakutali, nthawi zambiri yokulirapo, ndipo mwini wake saiona tsiku lililonse, choncho kalakwitsidwe kake kangakhale kena. Weight yanu yoyamba sidziwa chilichonse cha zimenezi.

Chochita ndi kuyesa kaye ngati kuyezedwa kukudalira zinthu zimene muli nazo pa minda yonse: mtunda kuchokera pakhomo, kukula konenedwa ndi mlimi, dera, wofunsa mafunso. Svy: logit, regression ya mayankho a inde kapena ayi, ikuthandizani. Ngati kudalirako kulipo, gawani weight ya munda woyezedwa ndi mwayi wake wa kuyezedwa umene logit yapereka, kapena dzazani mipata ndi multiple imputation. Yang'anirani kuti pasatuluke munda umodzi wa weight yaikulu moti ukukoka zotsatira zonse wokha. Ndipo ngati minda yakutali palibe ndi umodzi womwe umene unayezedwa, palibe masamu amene angaibweretse. Lembani poyera kuti zopeza zanu ndi za minda yapafupi ndi khomo.

Za hausman, kukana kwake kuli ndi chifukwa chomveka. Mayeso amene Jerry Hausman anafalitsa mu 1978 amafananitsa njira ziwiri zowerengera, poganiza kuti imodzi mwa izo ndi yosataya umboni konse ngati palibe vuto. Mukangoika pweight kapena cluster, ganizo limenelo lagwa, ndipo masamu a mayesowo sagwiranso. Musaikakamize. Ngati mukufuna kudziwa kuti muyeso wa pakamwa ukusintha zotsatira za regression yanu ya zokolola, yendetsani regression imodzi ndi maekala a mlimi, ina ndi a GPS, zonse pansi pa svy ndi pa minda yomweyo, sungani iliyonse ndi estimates store, ziphatikizeni ndi suest, kenako yesani ndi test ngati ma coefficient awiriwo ali ofanana. Ilipo njira ina imene mabuku a econometrics amaphunzitsa, yotenga GPS ngati instrument (muyeso wina wothandiza kukonza wolakwikawo), kusunga zotsalira za regression yoyamba n'kuziika mu yachiwiri, ndipo imatheka pansi pa svy. Koma pa data yanu sindingaiike patsogolo. Instrument imafuna kuti isagwirizane ndi cholakwika cha mlimi, pomwe taona kale kuti cholakwikacho chimayenda ndi kukula kwenikweni kwa munda, kumene GPS ikuyeza.

Pali malo ena amene weight imalowa mwakachetechete, ndipo ophunzira ambiri sawaona. Cholakwika chikakhala cha mtundu wosavuta, chosayenda ndi kukula kwenikweni, chimafooketsa coefficient ya regression molingana ndi nambala yotchedwa reliability: variance (kumwazikana kwa manambala) ya muyeso weniweni kugawa ndi variance yonse, ya muyeso weniweni kuphatikiza ya cholakwika. Tinene cholakwika chili ndi variance 0.1. Minda ikamasiyana pang'ono kukula, variance 0.4, reliability ndi 0.8, ndipo coefficient ya 0.5 ioneka ngati 0.4. Minda ikamasiyana kwambiri, variance 0.9, reliability ndi 0.9. Chida n'chomwecho, alimi akulakwitsa mofanana, koma reliability yasintha chifukwa gulu la minda lasintha. Ndiye reliability si ya chida chokha, ndi ya chida pa anthu akutiakuti. Mukaiwerengera popanda weight pa sample imene inadzaza timinda ta m'tauni, kenako n'kuiika mu lamulo la Stata la sem kapena la eivreg pokonza regression ya dera lonse, mwakonza ndi nambala ya anthu ena. Zomwezi zimachitika ndi kappa ya Cohen, muyeso wa kugwirizana kwa mayankho, pa mafunso a inde kapena ayi, chifukwa imasintha ndi kuchuluka kwa oyankha inde. Mu R muli svykappa. Ndipo ngati mudzagwiritse ntchito svy: sem, musadabwe kusapeza chi-square ya kukwanira kwa model, imadalira likelihood imene weight yaisokoneza, ndipo Stata imangokupatsani miyeso ina iwiri, SRMR ndi CD.

Langizo langa ndi loti muyendetse zonse kawiri, kamodzi ndi weight, kamodzi popanda weight koma cluster ilipo, ndipo muike zotsatira zonse mu tebulo limodzi. Zikafanana, nenani choncho, ndipo mtsutso wanu ndi mnzanu watha. Zikasiyana, musasankhe imene ili ndi nyenyezi zambiri zosonyeza p-value yochepa. Kusiyanako kukukuuzani kuti kulakwitsa kwa ku Chilomoni si kwa ku Lirangwe, ndipo chimenecho n'choyenera ndime yakeyake mu kafukufuku wanu. Kuti muyese kusiyanako mwadongosolo, DuMouchel ndi Duncan anapereka njira mu 1983: mu regression yopanda weight ikanimo weight ngati variable, pamodzi ndi kuichulukitsa ndi ma variable enawo, n'kuyesa ngati zowonjezerazo pamodzi zili ndi mphamvu. Kwa inu amene ma weight anu akuchokera ku magawo awiri okha, n'chimodzimodzi ndi kuika variable ya tauni kapena mudzi ndi interaction yake, zimene n'zosavuta kufotokozera a supervisor.

Popeza muli pa digiri yachiwiri, fananitsani zopeza zanu ndi za Integrated Household Survey, imene kuyambira ya 2010/11 yakhala ikulemba kukula kwa munda konenedwa ndi mlimi komanso kwa GPS. Data yake imabwera ndi weight ya banja ndi madera a kalembera, ndipo svyset yake ndi ya mtundu womwewu.   

Chinthu chimodzi chingakuimitseni mukayamba kugawa data m'magulu ang'onoang'ono kapena ngati ma strata anu ndi ochuluka kuposa awiri: standard error kusowa, Stata n'kulemba kuti pali stratum ya sampling unit imodzi. Musachotse strata mu svyset pofuna kuti uthengawo uchoke. Gwiritsani ntchito svydescribe kuti muone stratum imene yatsala yokha, kenako iphatikizeni ndi ina yofanana nayo, monga madera awiri oyandikana a kumidzi, kapena wonjezerani singleunit(centered) pa svyset. Mu R ndi options(survey.lonely.psu="adjust"). Njira imene mwasankha muilembe m'chaputala cha kachitidwe ka kafukufuku, pamodzi ndi masamu onse a mmene weight ya munda woyezedwa inapangidwira kuchokera ku weight ya banja.